Chitini cha Lachisanu

M'mudzi mwathu, pamsana pa phiri kumadzulo kwa tauni ya Thantlang, munthu sankafuna kalendala kuti adziwe kuti kwacha Lachisanu. Ankangomvera mmene Pi Dawt Hnem, kapena titi Mayi Dawt Hnem, akuimbira belu la tchalitchi. Belu lake linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika pamtengo, ndipo masiku ena onse ankaligogoda mwaulemu ngati mlendo pakhomo pa eni. Koma Lachisanu ankalikuntha ngati lawatukwana. Ana ankalambalala, ndipo amayi popita kumadzi ankatsinana n'kumati, "Lero asala, musawapute."

Kusala ankasaladi, pamenepo tisawanamizire. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, pakamwa pawo sipankadutsa kanthu ngakhale madzi. Ankasesa m'tchalitchi, kupukuta mabenchi, kenaka n'kugwada pafupi ndi guwa, mpaka maondo awo adauma ngati a mbuzi. Ankapempherera mudzi wonse, munthu aliyense pomutchula dzina: odwala, anyamata amene adapita kunja kukasaka ntchito, ngakhale mayi amene adakangana naye dzulo lake pa nkhani ya nkhumba yolowa m'dimba. Vuto linali lakuti njala yawo inkatulukira pakamwa. Ukawapatsa moni Lachisanu masana, ankakukumbutsa machimo ako onse, ndi a bambo ako omwe.

Zonsezi zidayambira pamaliro. Adakwatiwa akadali mtsikana ndi Hrang Uk, mwamuna wofatsa, wocheka matabwa, amene chaka china adatsikira kuchigwa kukagwira ntchito n'kubwerako ndi malungo. Banja lawo lidangokhala zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo adatsala ndi mwana mmodzi wamwamuna, Za Bik. Pamaliropo abusa adasimba za Anna wa m'Malemba, amene nayenso adakhala ndi mwamuna zaka zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo atafedwa sadachokenso m'Nyumba ya Mulungu, ankangosala kudya ndi kupemphera mpaka kukalamba. Abusawo ankangofuna kupukuta misozi ya wamasiye. Sadadziwe kuti akumulemba ntchito.

Maliro atazizira, amuna adayamba kutumiza ankhoswe. Pi Hnem ankawalandira bwino, kuwaphikira tiyi, kumvetsera mpaka amalize, kenaka n'kufunsa funso limodzi lokha: "Kodi Anna adakwatiwanso?" Ankhoswe ankamaliza tiyi mwachangu.

Kwathu kuno mayi aliyense wa mpingo akafuna kuphika amayamba watapa mpunga wodzaza dzanja n'kuuika padera. Umenewo ndi wa Mulungu, ndipo Lamulungu amapita nawo kutchalitchi kuti ukathandize alaliki ndi osowa. Pi Hnem ankachita zimenezi ngati anzawo onse, koma adawonjezapo lamulo lawolawo, limene palibe m'busa kapena mkulu wa mpingo amene adawauza. Lachisanu lililonse ankayeza mpunga umene akadadya tsikulo n'kuuthira m'chitini chachikulu cha mabisiketi, chimene malemu adabwera nacho kuchigwa. Chivundikiro chake chinali chothina, chofuna nsonga ya mpeni potsegula. Mpunga ukalowamo sunkatulukanso kufikira tsiku la mapemphero othokoza masika. Tsiku limenelo ankachiika m'dengu lakumsana, chingwe pamphumi, n'kuyenda nacho pakati pa mabenchi kukatula kuguwa. Ankayenda pang'onopang'ono kwambiri.

"Chikuwalemera, osauka," tinkatero ife.

"Chikumulemera chiyani, munthu wosenza nkhuni za mwezi wathunthu ulendo umodzi?" ankatero Pi Tum Iang. "Akudikira kuti a kumbuyo aone bwino."

Pi Tum Iang anali mnzawo wa paubwana, nyumba zawo zoyang'anizana, mayi wa kaliwo pakamwa amene ankapemphera mwachidule n'kudya mokwanira. Ndi iwo okha amene ankatha kuwaputa Lachisanu. Ankakhala pakhonde ndi chimanga chootcha n'kuitana: "Make Bik, tabwera ungonunkhiza. Kununkhiza si tchimo."

"Iwe tsiku lachiweruzo udzanunkhiza sulufule," ankayankha Pi Hnem, osatembenuka n'komwe.

Madzulo ake unkawapeza akudyera mbale imodzi.

Za Bik atakula adakwatira Ngun Zi, mwana wa telala wa m'tauni, mtsikana wosalankhulalankhula, wa manja ozolowera singano kuposa khasu. Sipadapite nthawi mnyamatayo adatsata anzake ku Malaysia, n'kusiya mkazi ali ndi pakati, ndipo mawu ake ankafika patalipatali. Motero m'nyumba mudatsala akazi awiri. Sankadana ayi. Kungoti Lachisanu Ngun Zi ankadyera kuseri kwa nyumba ngati wakuba, chifukwa kutafuna pamaso pa apongozi osala kumafuna munthu wolimba chiwindi.

Chaka chimenecho nsungwi zidachita maluwa. Aliyense kwathu amadziwa chimene chimatsatira: maluwa amabala zipatso, zipatso zimagwa, makoswe amadya n'kuswana kosaleka, ndipo zipatso zikatha amatembenukira kuminda. Zimachitika kamodzi pa moyo wa munthu, ukakhala watsoka kawiri. Pi Hnem anali mmodzi wa atsokawo, poti adabadwa chaka chimene nsungwi zidachita maluwa komaliza, ndipo mayi awo adakhala ndi mkaka wowayamwitsa chifukwa cha mpama wa m'phiri. Atasinkhuka, mayi awowo ankawakokera kumaphompho kukawaonetsa pamene mpama umamera, mmene amaukumbira, ndi mmene amauviikira mumtsinje kuti ululu uchoke. Ankati, "Ine zikadzabweranso sindidzakhalako. Iwe udzakhalapo, ndiye tsegula maso."

Makoswe adafika mpunga utangoweramitsa ngala. Munda umene madzulo unali wachikasu, m'mawa unkapezeka ziputu zokhazokha. Atamaliza mpunga adalowa m'chimanga, m'maungu, mpaka tsabola, kenaka m'nkhokwe, kuboola madengu ndi kuluma ana zala ali mtulo. Tidatchera misampha, tidapha ambiri, ena tidadya, koma kunali kuphwetsa mtsinje ndi chipande. Mapemphero othokoza masika chaka chimenecho sadachitike, poti masika akewo kunalibe. M'mudzi monse chinthu chimodzi chimene mano a khoswe adachilephera chinali chitini cha Pi Hnem, ndipo chinali chodzaza mpaka m'khosi.

Pi Hnem adaona kuti iyi ndi nkhondo, ndipo adatola chida chimene ankachidziwa. Pa Lachisanu adawonjezapo Lachitatu, kenaka Lolemba. Kachakudya kamene kankapezeka, mtima wa nthochi wophika, masamba a kutchire, nyama ya khoswe imene Pi Tum Iang ankaponyera pakhonde, gawo lawo ankasiyira mpongozi, iwo n'kupita kukagwada. Kumaphompho kwa mpama sadapiteko. Ankati ayambe athana nayo nkhaniyi kumwamba, ndipo pamene ankati aganize zopita, miyendo inali itayamba kale kunjenjemera pokwera makwerero a nyumba yawo yomwe. Belu lidayamba kulira mwaulemu ngakhale Lachisanu, ndipo apa m'pamene tidachita mantha.

Mwana wa Ngun Zi adabadwa nyengo yozizira, wamkazi, wamng'ono koma wamoyo. Dzina lake linkayenera kuchokera kwa agogo ake a kuchimuna, monga timachitira. Anthu adadikira. Sabata idatha, mwezi udatha, mwana akungotchedwa kamwana.

"Ndidzamutcha Mulungu akayankha," ankatero Pi Hnem.

Zoona zake n'zakuti ankaopa. Adaonapo manda aang'ono, ndipo mumtima mwawo ankati kuika kamwana n'kopweteka, koma kuika munthu wa dzina, dzina lotuluka pakamwa pako, n'kosapiririka. N'chifukwa chake sankamunyamula n'komwe. Ankamuyang'ana chapatali, mtima uli kuwawa, n'kunyamuka kupita kutchalitchi kukamupempherera ndi misozi.

Mkaka wa Ngun Zi udayamba kuchepa. Mwana ankayamwa bere ili n'kulira, kuyamwa linalo n'kuliranso. Tsiku lina mtsikanayo adalimba mtima.

"Amayi, chitini chija..."

"N'cha Mulungu."

"Ndimati mwina kaphala kokha, kuti mabere abwerere."

"Mwana wanga, ndati n'cha Mulungu. Chidzatsegulidwa kuguwa."

Ngun Zi adabwerera kwa mwana wake. Koma Pi Tum Iang atamva adaoloka kanjira kaja, kaliwo ali m'manja wopanda kanthu, poti makoswe adadya ndi fodya yemwe.

"Make Bik, Mulungu wakoyo adayamba liti kudya mpunga?"

"Usanyoze."

"Ndikufunsatu ine. Ukuganiza kumwamba akudikira chitini chako kuti atereke poto?"

"Makoswe atenga za anthu, ine nditenge za Mulungu? Ndiye ndisiyana pati ndi khoswe?"

"Khoswe amayamwitsa ana ake," adatero Pi Tum Iang, n'kubwerera kwawo.

Mawuwo adawalasa, koma sadagonje. Tisawaweruze msanga, sikunali kuuma mtima. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chitinicho ndi chikole: iwo akasunga cha Mulungu, Mulungu adzasunga chawo. Zaka zoposa makumi awiri sadatapemo ngakhale njere imodzi, ndipo Za Bik adakula osagonapo m'chipatala. Kutsegula tsopano, mdzukulu ali pakati pa moyo ndi imfa, kwa iwo kunali kudula zingwe za mlatho iwe uli pakati pake.

Lachisanu lina m'mawa, dzuwa litayamba kutenthetsa malata a tchalitchi, Pi Hnem ali chogwada, maso atatsinzina, adamva mapazi pamatabwa. Sadatembenuke. Mapaziwo adafika pambali pawo n'kuima.

"Amayi."

"Ndikupemphera."

"Ndaona. Tatambasulani manja."

Mawuwo sanali a Ngun Zi amene ankamudziwa, wodyera kuseri uja. Pi Hnem adatsegula maso, ndipo asanati kanthu mwana anali kale m'manja mwawo.

Chimene chidawadzidzimutsa ndi kupepuka kwake. Manja awo adakonzekera kulandira munthu, n'kulandira nsalu. Mwanayo sankalira. Paliwombo panali patalowa m'kati. Adatsegula kakamwa kake, n'kupeza chala cha agogo ake, n'kuyamwa mofooka, kenaka n'kuleka.

"Wasiya kulira kuyambira dzulo," adatero Ngun Zi. Adakhala pabenchi, poti miyendo sinkamulola kuima nthawi yaitali. "Amayi, ine Malemba sindiwadziwa ngati inu. Koma nkhani ya Anna mwandiuza kambirimbiri, mpaka ndimailota. Nthawi zonse mumathera poti ankasala ndi kupemphera. Tandiuzeni kumapeto kwake."

Pi Hnem adatembenuzira nkhope kuguwa.

"Paja kudabwera mwana, eti? Anthu osauka adalowa ndi khanda. Nyumba yaikulu ngati ija, anthu piringupiringu, makanda obwera nawo tsiku ndi tsiku. Nanga iye adamuona bwanji ameneyo, ngati anali chitsinzinire?"

"Usandiphunzitse Malemba m'nyumba ya Mulungu."

"Sindikukuphunzitsani, ndikufunsa ngati mwana wosadziwa. Zaka zonse zija ankadikira chiyani? Ine ndimayesa ankadikira mwana. Wanuyu adafika kalekale, Amayi, inu mukadali chogwada." Adaloza mwanayo. "Ngati akupita, apitire m'manja mwanu. Ine ndatopa kumuyang'ana ndekha."

Nkhaniyo Pi Hnem ankaidziwa pamtima, mawu ndi mawu, ndipo manyazi adawagwira poona kuti zaka zonsezi adangonyamula theka lake. Adatenga umasiye, adatenga kusala, adatenga maondo. Chimene adasiya ndi maso. Anna, mayi wokalamba uja, sadasale kuti agule kanthu kwa Mulungu. Adasala kuti tsiku limene Mulungu adzalowe pakhomo atakulungidwa m'nsalu za anthu osauka asadzamuphonye, ndipo atamuona sadati dikirani ndimalize kaye pemphero. Pi Hnem adayang'ana nkhope ya mdzukulu wawo, koyamba kuiyang'ana pafupi, n'kuona kuti makutu ake ndi a malemu Hrang Uk.

Adayesa kudzuka, maondo adakana. Ngun Zi adawagwira mkono, ndipo akazi awiri anjala adadzutsana, n'kutsika chitunda pang'onopang'ono, mwana ali pachifuwa cha agogo ake. Tsache lidatsala pakati pa tchalitchi.

Kunyumba adakoka chitini pansi pa bedi, n'kutenga mpeni wa malemu. Nsonga ya mpeni idaterereka kangapo. "Ambuye, ndikutsegula," adatero. "Ngati n'kulakwa, mlandu ndi wanga." Pa moyo wawo wonse sadapempherepo pemphero lalifupi chotero. Chivundikiro chitadumpha, fungo la mpunga lidadzaza nyumba, ndipo onse awiri adamvana kumeza malovu.

Adaphika phala lamadzimadzi, n'kuthiramo kamchere. Madzi a pamwamba adayamba adontheza pamilomo ya mwana ndi chala, dontho limodzilimodzi, mpaka adaona kakhosi kakugwedera. Kenaka adapakula mbale yodzaza n'kuikankhira kwa mpongozi.

"Idya."

"Nanga inu?"

"Lero ndi Lachisanu."

Ngun Zi adabweza mbale. "Ndiye nanenso ndasala."

"Usachite chibwana, iwe ukuyamwitsa."

"Mpunga wa Mulungu sindidya ndekha. Ngati n'kuba, tibe tonse. Komanso chitinichi chidzatha, Amayi. Chikatha, kumpama adzapita ndani? Ine ngakhale tsamba lake sindilidziwa, ndine mwana wa telala. Inu ndi miyendo imeneyo simungafike ngakhale kumtsinje."

Pi Hnem adamuyang'ana nthawi yaitali mtsikana ameneyu, amene miyezi yonseyi ankamuyesa mbuzi yopanda nyanga. Kenaka adatenga mbale yachiwiri. Supuni yoyamba idavuta kumeza, ndipo atameza adadikira pang'ono ngati denga ligwa. Silidagwe. Yachiwiri idatsika yokha.

Ali pakati pa kudya, pakhomo padaima Pi Tum Iang. "Ndimati ndidzaone ngati nyumba ikupsa. Utsi kwa make Bik Lachisanu masana?" Adaona chitini chotsegula, adaona supuni m'manja mwa mnzawo, ndipo nkhope yawo idafewa. Komabe chizolowezi n'chizolowezi. "Kodi anthuni, lero n'lachingati?"

"Khala pansi, tenga mbale, utseke pakamwa," adatero Pi Hnem.

Atatha kudya adanyamulanso mwana, n'kumuika dzanja pamutu. "Dzina lake ndi Lawm Sung." Limeneli ndi dzina lothokoza, la munthu amene walandira chinthu cha mtengo wapatali.

"Make Bik," adatero Pi Tum Iang chapansipansi, "ukuthokoza chiyani, mwana sanachire?"

"Anna adathokoza khanda lisanachite kanthu. Adangoliona basi. Inenso ndamuona."

Zinthu sizidasinthe tsiku limodzi. Masiku otsatira mwana adakhalira madzi a mpunga odontheza ndi chala, ndipo m'mawa uliwonse chinthu choyamba chinali kuika khutu pachifuwa pake. Ngun Zi ankamwa phala katatu pa tsiku, n'kumamuika mwana kubere ngakhale mulibe kanthu. Pi Hnem ankadya ngati munthu womwa mankhwala, Lolemba, Lachitatu, Lachisanu lomwe. Amayi ena a mpingo adanong'onezana kuti Anna wathu wagwa. Iwo adamva, kudawapweteka, koma sadasiye supuni. M'mudzimo munalinso amayi ena awiri oyamwitsa, ndipo nawonso ankawatapira m'chitinimo, dzanja limodzilimodzi, ngakhale ankaona ndi maso kuti mpunga ukutsika msanga.

Miyendo itabwerera adanyamula chokumbira ndi dengu, Pi Tum Iang pambuyo, ndi amayi ena amene anali ndi mphamvu zokwera. Mpama wa m'phiri suchedwa kukunamiza. Umayamba wapeza chingwe chake chouma chitakulunga mtengo, n'kuchitsata mpaka pamene chalowa pansi, kenaka n'kukumba mpaka dzenje likufike m'chiuno, ndipo ukapupuluma umangodula mutu, thupi lonse n'kutsala m'nthaka. Malo amene mayi awo adawaonetsa ali mtsikana adawapeza onse, kupatula amodzi amene phiri lidagumukira. Madzulo ankausenda, kuudula mopyapyala, kuuika m'madengu n'kutsindira ndi miyala mumtsinje kuti madzi autsuke masiku angapo. Mayi wina njala itamukulira adavuula wake msanga, n'kusanza tsiku lonse. Pi Hnem adamukhalira pambali mpaka adachira, kenaka adamukalipira moti tonse tidadziwa kuti pakamwa paja pabwerera.

Mapemphero sadasiye. Ankapempherera m'dzenje, chokumbira chili m'manja, mayina omwe aja, kukantha kamodzi dzina limodzi, maso ali otsegula poopa njoka. Dzina la Lawm Sung linkabwera kawirikawiri kuposa ena onse.

Tsiku lina pobwera kuphiri, dengu lili kumsana, asanafike pakhomo adamva kulira. Sikunali kulira kofooka kuja. Kunali kulira kwaukali, kwa munthu amene wachedwetsedwa chakudya ndipo akufuna mudzi wonse udziwe. Adaima chilili panjira. Ngun Zi adatuluka pakhonde, bulauzi itanyowa pachifuwa, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, taonani. Ukuchucha wokha."

Pi Hnem adakhala pansi pomwepo, pafumbi, dengu likadali kumsana, n'kulira ngati mwana. Sadalire chonchi ngakhale pamaliro a mwamuna wawo. Mawu othokoza amene ankawadziwa ambirimbiri aja adathawa onse, kudatsala "zikomo, zikomo" basi.

"Mwana ameneyu watengera pakamwa pa agogo ake," adatero Pi Tum Iang akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Mudzi uno tatha."

Si nyumba zonse zidaona mwayi wotere. Chaka chimenecho tidaika ana, ndipo mabanja ena adaoloka malire kupita ku Mizoram osabweranso. Koma ana atatu amene amayi awo adadya za m'chitini chija adakhala moyo, ndipo mpama udatisunga kufikira pamene mipingo ya abale athu a kutsidya idatumiza mpunga pamsana pa mahatchi. Pamene mahatchiwo ankafika, m'chitini munali mutatsala fumbi lokha. Makoswe nawo adayamba kufa okha, mudzi udanunkha, mvula idagwa, ndipo tidabzala mbewu zopempha.

Lero Pi Hnem ndi okalamba, ndipo belu amaimba ndi ena. Lachisanu amasalabe, koma mpunga wa tsikulo amauphika n'kupita nawo ukadali wotentha kunyumba imene aona kuti utsi sukutuluka. Ukali sudathe, udangochepa, ndipo Lawm Sung, amene tsopano ndi namwali, ndi yekhayo amene amawayankha mawu ndi mawu. Ife tikamauza ana athu za kusala ndi kupemphera, timatchula Anna, kenaka timaloza nyumba ya Pi Hnem, n'kuwasimbira za mapemphero othokoza a chaka chotsatira.

Masika ake anali ochepa, koma analipo. Anthu adabwera ndi maungu, mitolo ya mpunga, nkhuku yomanga miyendo. Pi Hnem sabata yonse adavutika mumtima, poti chitsegulire chitini sadasale ngakhale Lachisanu limodzi, ndipo m'chitini simudalowe njere. Adaganiza zochisiya kunyumba. Koma nthawi yopereka itakwana tidawaona akulowa, chitini chili m'manja, kumsana atabereka mdzukulu. Ulendo uno adayenda mwachangu, moti a kumbuyo sadaone bwino.

Abusa, amene adazolowera kulemera kwa chitinicho, adapinda maondo, n'kukokera mpweya, n'kunyamula ndi mphamvu zawo zonse. Chitini chidauluka mpaka pachifuwa, iwo n'kudzandira chambuyo, pang'ono kugwera pa maungu. Ana adaseka. Akuluakulu adayang'anana.

"Pi Hnem," adatero abusa atachiika pansi, "chaka chino..."

"Ndidatsegula, abusa. Tidadya. Nanenso ndidadya nawo, Lachisanu masana."

Adanena mokweza kuti a kumbuyo amve. Kenaka adamasula nsalu, n'kutsitsa Lawm Sung, n'kumukhazika pamwamba pa chitini. Mwanayo anali ndi masaya, ntchafu zopindikapindika, ndipo atangokhala adayamba kumenya chitini ndi chidendene, n'kumasekerera kulira kwake.

"Mpunga uja ndi uwu," adatero Pi Hnem. "Ndabwera nawo wonse."

Abusa adawerama n'kumunyamula mwanayo, ndipo ulendo uno adalemedwadi.